Jezi yachikasu ya timu yomwe idatha: mbiri ya Anzhi Makhachkala

Loweruka lina m'mawa mwana wanga wachisamba ankasowa chovala chopita nacho ku mpira. Jezi yake idali isadaume pachingwe, ndiye adakapisa m'chikwama cha zovala zanga zakale chomwe chimakhala kunsi kwa bedi. Adatulukamo ndi jezi yachikasu yosuluka, kumsana kwake kuli dzina la Eto'o.

"Adadi, Eto'o ndimamudziwa, ndi wa ku Cameroon uja. Nanga timu iyi ndi ya kuti? Si Barcelona, si Chelsea."

Ndidamuuza kuti ndi Anzhi Makhachkala ya ku Russia. Adayesa kutchula dzinalo koma lilime lidakana, tonse n'kufa nazo nseko. Kenaka adabwereka foni ya amayi ake kuti aone kuti timuyo ili pa nambala chani mu ligi. Adafufuza kwa kanthawi, n'kudzutsa mutu.

"Mu ligimu mulibemo, adadi. Akuti idatha."

Idathadi. Timu yomwe mu 2011 inkalipira wosewera mmodzi ndalama zomwe panalibe wosewera wina pa dziko lapansi ankalandira, pofika 2022 idali italandidwa chiphaso chosewerera m'maligi akuluakulu a dziko lake. Zaka 11 zokha basi.

Jeziyo ndidaigula pa kaunjika mumsika wa Limbe mu 2013, ndipo ndidali nditaiiwala. Koma idatuluka pa nthawi yake, chifukwa sabata yomweyo ife makolo a anyamata a katimu ka m'dera lathu tidali ndi nkhani yotizunguza mitu. Bambo wina wochita bwino pa malonda adatiuza kuti akufuna kutenga timuyo. Adalonjeza nsapato, majezi, mipira ndi minibasi yoyendera. Zofuna zake zidali zitatu: timu isinthe dzina, anyamata azikakonzekera pabwalo la kufupi ndi kunyumba kwake, ndipo iye abweretse anyamata aluso ochokera m'madera ena.

Makolo ambiri adakondwa poganiza kuti chopereka cha pamwezi chomwe chimativuta kusonkha chija chitheratu. Ine ndine msungichuma wa komitiyo, choncho kuuma kwa thumba lathu ndimakudziwa kuposa aliyense. Komabe mtima sunkandilola, ndipo jezi ija idandikumbutsa chifukwa chake.

Ngale ya m'mbali mwa nyanja

Makhachkala ndi likulu la Dagestan, chigawo cha kumwera kwa Russia chomwe chili pakati pa mapiri a Caucasus ndi nyanja ya Caspian. Kumakhala anthu pafupifupi 3 miliyoni, ambiri mwa iwo Asilamu, olankhula zinenero zoposa 30. Ndi chimodzi mwa zigawo zosauka za dzikolo, ndipo chimadziwika ndi masewero ogwetsana kuposa mpira. Amene mumatsatira UFC mukumudziwa Khabib Nurmagomedov. Kwawo n'komweko.

Timu ya Anzhi idabadwa mu 1991, chaka chomwe dziko la Soviet Union lidagawikana. Adaiyambitsa ndi Aleksandr Markarov, yemwe kale ankasewera mpira mumzindamo, pamodzi ndi Magomed-Sultan Magomedov, mkulu wa kampani ya mafuta a galimoto m'chigawocho. Anzhi ndi dzina lakale la malo omwe padamangidwa mzindawu, ndipo m'chinenero cha anthu a mtundu wa Kumyk limatanthauza ngale.

Idayambira pansi penipeni, mu ligi ya Dagestan, yomwe idaitenga m'chaka choyamba chomwecho. Mu 1992 idalowa mu ligi yachitatu ya dziko lonse, pakutha pa 1996 idakwera kupita mu yachiwiri, ndipo mu 1999 idapambana ligi yachiwiriyo n'kulowa mu ligi yaikulu. Mphunzitsi wake adali Gadzhi Gadzhiev, mbadwa ya ku Dagestan komweko.

Chaka cha 1999 chimenecho sichidali chamtendere. Mu Ogasiti magulu a zida ochokera ku Chechnya, chigawo choyandikana nacho, adalowa m'mapiri a Dagestan, ndipo posakhalitsa nkhondo yachiwiri ya ku Chechnya idabuka. Dzina la Dagestan likamveka pa wayilesi, inkakhala nkhani ya mabomba ndi maliro. Ndiye taganizani m'mene anthu a mumzindamo ankamvera Loweruka likafika, poona timu yawo ikulimbana ndi matimu otchuka a ku Moscow pabwalo la Dynamo, pakati penipeni pa mzinda wawo.

Zaka zaumphawi koma zokoma

Mu 2000 ambiri ankayesa kuti Anzhi ingodutsamo mu ligi yaikulu n'kubwerera komwe idachokera. Siidatero. Ndi osewera osatchuka monga Narvik Sirkhaev, Elvir Rahimić wa ku Bosnia ndi Predrag Ranđelović wa ku Serbia, idathera pa nambala 4. Nambala 3 idaiphonya pa masewero otsiriza, pamene Torpedo Moscow idapatsidwa penate mpira uli pafupi kutha.

Chaka chotsatira idafika m'ndime yotsiriza ya chikho cha dziko. Idatsogola, chikho chikuoneka ngati chapita ku Dagestan, koma Lokomotiv Moscow idabweza chigolicho kumapeto kwenikweni n'kukapambana pa mapenate.

Mu 2001 momwemo timuyi idasewera koyamba mu mpikisano wa ku Ulaya wa UEFA Cup, ndipo idagwera Rangers ya ku Scotland. Chifukwa cha nkhondo ya ku Chechnya, a Rangers adakana kupita ku Makhachkala. Mapeto ake bungwe la UEFA lidalamula kuti m'malo mwa masewero awiri, pakhale amodzi okha mumzinda wa Warsaw ku Poland. Rangers idapambana 1-0. Anthu a ku Makhachkala adamanidwa mwayi woonera mpira wa ku Ulaya pakhomo pawo, ndipo uku kudali kuyamba chabe kwa vutoli.

Chaka chomwecho chidabweretsanso chisoni. Pa 18 Ogasiti, pa masewero a ligi ku Makhachkala, wosewera kutsogolo wa Anzhi, Budun Budunov, adawombana mitu ndi goloboyi wa CSKA Moscow, Serhiy Perkhun wa ku Ukraine. Perkhun adamwalira patatha masiku 10, ali ndi zaka 23.

Osewera abwino adayamba kugulidwa ndi matimu olemera, ndipo mu 2002 Anzhi idatuluka mu ligi yaikulu. Idakhala mu ligi yachiwiri zaka 7. Nthawi imeneyi ndi yomwe ambiri a ife Amalawi tidayamba kutchera khutu ku mpira wa ku Russia chifukwa cha Esau Kanyenda, yemwe adachoka ku Jomo Cosmos ya ku South Africa kupita ku Rostov mu 2003, ndipo pambuyo pake adaseweranso ku Lokomotiv Moscow. Koma za Anzhi ndani ankazidziwa? Idabwerera mu ligi yaikulu itapambana ligi yachiwiri mu 2009, mwakachetechete.

Mpondamatiki afika

Mu Januwale 2011 timuyi idagwa m'manja mwa Suleyman Kerimov. Mkuluyu adabadwira ku Derbent, mzinda wakale wa kumwera kwa Dagestan, ndipo ankaimira chigawocho m'nyumba ya malamulo yaikulu ya Russia. Chuma chake chidali m'makampani a migodi, makamaka ya golide ndi ya mchere wa potashi, umene umalowa mu feteleza. Adali mmodzi mwa anthu olemera kwambiri m'dzikomo, ndipo cholinga chake chidali choti timu ya kwawo ikafike mu Champions League.

Sadachedwe. Mu Febuluwale adabweretsa Roberto Carlos wa ku Brazil, yemwe adatenga chikho cha dziko lonse mu 2002, ali ndi zaka 37. Patatha miyezi iwiri manyuzipepala adalemba kuti pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake, Kerimov adamupatsa galimoto ya Bugatti Veyron ngati mphatso. Adabweranso Mbark Boussoufa wa ku Morocco kuchokera ku Anderlecht, ndi Yuri Zhirkov kuchokera ku Chelsea.

Koma bomba lenileni lidaphulika mu Ogasiti 2011, pamene Samuel Eto'o adasaina. Achinyamata a lero mwina simungamvetse kukula kwa nkhaniyi. Eto'o adali atatenga Champions League kawiri ndi Barcelona, mu 2006 ndi 2009, ndi kamodzi ndi Inter Milan mu 2010. Adali atasankhidwa kanayi kukhala wosewera wapamwamba mu Africa. Sadali wotha ntchito ayi, adali ndi zaka 30. Malipiro ake ankanenedwa kuti adali pafupifupi mayuro 20 miliyoni pachaka. Ndikukumbuka mkangano womwe udabuka kumalo athu oonerera mpira: ena ankati wagulitsa ulemu wake, ena ankati mwana wa mu Africa wawadyera azungu, mulekeni. Pa masewero ake oyamba, olimbana ndi Rostov, adalowa m'chigawo chachiwiri n'kumwetsa chigoli.

Gadzhiev, yemwe adali atabwereranso kudzaphunzitsa timuyi, adachotsedwa ntchito mu Seputembala. Kwa kanthawi Roberto Carlos adali wosewera komanso mmodzi mwa aphunzitsi. Mphunzitsi wina, Yuri Krasnozhan, adalembedwa ntchito n'kuchoka asadatsogolere timu pa masewero a ligi ngakhale amodzi. Mu Febuluwale 2012 kudafika Guus Hiddink wa ku Netherlands, yemwe adaphunzitsapo Real Madrid, Chelsea ndi timu ya dziko la Russia. Adatsatira Christopher Samba wa ku Congo kuchokera ku Blackburn, Lacina Traoré wa ku Ivory Coast, Lassana Diarra kuchokera ku Real Madrid, ndipo mu Januwale 2013 Willian wa ku Brazil adagulidwa ku Shakhtar Donetsk ndi mayuro pafupifupi 35 miliyoni.

Timu yofika kwawo ngati mlendo

Pali chinthu chimodzi chomwe ambiri a ife oonera pa kanema sitinkachidziwa. Osewera onsewa sankakhala ku Makhachkala. Ponena kuti n'chifukwa cha chitetezo, timu yonse inkakhala ndi kukonzekera kufupi ndi Moscow, pa malo otchedwa Kratovo. Masewero a pakhomo akafika, inkakwera ndege ulendo wa makilomita pafupifupi 1,600, kusewera, n'kubwereranso. Ligi ya ku Russia ili ndi matimu 16, kutanthauza kuti pachaka timu imasewera pakhomo ka 15. Amenewo ndiwo adali masiku omwe anthu a ku Makhachkala ankaona timu yawo.

Mwana wa mumzindamo sakadakumana ndi Eto'o pamsika, kapena kukasuzumira pampanda timu ikukonzekera. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anzhi idasanduka mlendo kwawo komwe.

Malo a ku Kratovo aja adali ndi mbiri yawoyawo. Adali a timu ya Saturn, yomwe idatuluka mu ligi yaikulu kumayambiriro kwa 2011 chifukwa cha ngongole. Anzhi inkagona m'nyumba ya timu yomwe idali itangogwa kumene, koma phunziro lake silidaoneke.

Masewero a ku Ulaya nawonso sankaloledwa ku Dagestan. UEFA inkati kulibe chitetezo chokwanira, choncho "pakhomo" pa Anzhi padali ku Moscow, komwe ochemerera ambiri a matimu a mumzindamo sankaifuna. Ku Russia kuli anthu ena omwe amanyoza anzawo a ku Caucasus, ndipo timu yolemera ya ku Dagestan, yodzaza ndi osewera akuda, idali ngati minga kwa iwo. Mu Malichi 2011 ku St Petersburg munthu wina adalozetsa nthochi kwa Roberto Carlos. Mu Juni chaka chomwecho ku Samara wina adamuponyera nthochi m'bwalo, ndipo iye adatuluka mpira usadathe. Mu Malichi 2012 zomwezo zidamuchitikira Samba pabwalo la Lokomotiv ku Moscow. Ndalama zidawabweretsa anyamatawa, koma sizidathe kuwagulira ulemu m'mabwalo a eni ake.

Usiku womwe idatilasa

Ine ndimachemerera Liverpool chibadwire, ndipo Anzhi ndidaidziwa bwino mu 2012 pamene matimu awiriwa adagwera gulu limodzi mu Europa League, pamodzi ndi Udinese ya ku Italy ndi Young Boys ya ku Switzerland. Ku Anfield tidapambana 1-0 ndi chigoli cha Stewart Downing, koma thukuta lidatuluka. Mu Novembala, Lachinayi lina madzulo, tidadzazana m'kachipinda koonetsera mpira kuti tione masewero achibwereza ku Moscow. Chigawo choyamba chili pafupi kutha, Lacina Traoré, chimphona chotalika mamita awiri ndi kanthu, adaudumphitsa wotseka kumbuyo, n'kuudumphitsanso goloboyi. Mpira udathera 1-0. Anzanga a Manchester United adandiseka mpaka pakhomo, ati mwagonja ndi timu yomwe simungathe n'kuitchula komwe.

Nyengo ya 2012/13 ndiyo idali pachimake pa mbiri ya Anzhi. Idadutsa m'gululo, idatulutsa Hannover ya ku Germany, n'kukakumana ndi Newcastle m'ndime ya matimu 16. Ku Moscow adalepherana 0-0, ndipo ku England Papiss Cissé wa ku Senegal adagoletsa ndi mutu oyimbira atatsala pang'ono kuliza wezulo yomaliza. Mu ligi idathera pa nambala 3, kumbuyo kwa CSKA Moscow ndi Zenit St Petersburg, malo apamwamba kwambiri omwe idafikapo. Pa 1 Juni 2013 idasewera ndime yotsiriza ya chikho cha dziko mumzinda wa Grozny. Idalepherana ndi CSKA 1-1, n'kugonjanso pa mapenate, monga mu 2001.

Tayerekezani bwino apa. Timu yosauka ya Gadzhiev idathera pa nambala 4 ndi kugonja pa mapenate m'ndime yotsiriza ya chikho. Timu ya mamiliyoni ya Kerimov idathera pa nambala 3 ndi kugonja pa mapenate m'ndime yotsiriza ya chikho chomwecho. Chuma chonse chija chidagula sitepe imodzi yokha. Chikho sichidalowe m'nyumba.

Feteleza atagwa mtengo

Nyengo yotsatira idayamba ngati zonse zili bwino. Timu idagulanso osewera awiri odula a timu ya dziko la Russia, Igor Denisov ndi Aleksandr Kokorin. Koma mu Julayi 2013 Hiddink adatula pansi udindo ligi itangoyamba kumene. Yemwe adalowa m'malo mwake, René Meulensteen, wothandizira wakale wa Alex Ferguson ku Manchester United, adakhala pampando masiku 16 okha.

Kumapeto kwa Julayi komweko, kutali ndi bwalo la mpira, kudachitika chinthu china. Kampani ya Uralkali, imodzi mwa makampani akuluakulu okumba potashi pa dziko lapansi, yomwe Kerimov adali ndi gawo lalikulu, idalengeza kuti ikutuluka mu mgwirizano wogulitsira limodzi potashi ndi dziko la Belarus. Mgwirizanowo ndi womwe unkathandiza kuti mtengo ukhale wokwera. Tsiku lomwelo masheya a kampaniyo adagwa kwambiri, ndipo chuma cha Kerimov chidaphwa ndi mamiliyoni ochuluka.

Patangopita masiku ochepa, Anzhi itagonja pakhomo 1-0 ndi Rostov, atsogoleri a timu adalengeza kuti ndondomeko yasintha. Ndalama zoyendetsera timu, zomwe zinkanenedwa kuti zidali pafupifupi madola 180 miliyoni pachaka, zidadulidwa kufika pakati pa 50 ndi 70 miliyoni. Iwo ankati zotsatira za pabwalo sizinkafanana ndi ndalama zomwe zinkalowa, ndipo tsopano timu idalira achinyamata a kwawo. Olemba nkhani ambiri ankaloza ku nkhani ya potashi ija. Chilichonse chomwe chidali mumtima mwa mwini wake, chodziwika n'chakuti ganizo la munthu mmodzi lidakwanira kugwetsa denga lonse.

Mwezi wa Ogasiti udali ngati msika wa kaunjika. Eto'o ndi Willian adapita ku Chelsea. Zhirkov, Denisov, Kokorin ndi Samba adapita ku Dynamo Moscow. Diarra ndi Boussoufa adapita ku Lokomotiv. Oleg Shatov adapita ku Zenit. Traoré adatsalako pang'ono, koma mu Januwale naye adagulitsidwa ku Monaco. Ndikaganiza bwino, jezi yanga ija ndidaipeza pamulu wa kaunjika m'chaka chomwechi.

Ndipo ndani adaitanidwa kudzatola zotsala? Gadzhi Gadzhiev yemwe uja, amene adachotsedwa kuti apereke malo kwa aphunzitsi otchuka. Chaka cha 2013 chidatha timu isadapambaneko ngakhale kamodzi mu ligi chiyambire nyengo yatsopanoyo. Pomaliza idapambana katatu kokha pa masewero 30, idathera pansi penipeni ndi mapointi 20, n'kutuluka. Chodabwitsa n'chakuti ku Ulaya anyamata otsalawo adalimbikira mpaka kufikanso m'ndime ya matimu 16 a Europa League, komwe adatulutsidwa ndi AZ Alkmaar ya ku Netherlands.

Imfa ya pang'onopang'ono

Anzhi siidafe tsiku limodzi. Idabwerera mu ligi yaikulu mu 2015, koma chaka chilichonse inkangolimbana ndi kutuluka. Mu Disembala 2016 Kerimov adaisiya m'manja mwa wamalonda wina, Osman Kadiev, yemwe thumba lake silidali lakuya ngati la mnzake. Ngongole zidayamba kuunjikana, osewera n'kumatha miyezi osalandira malipiro.

Mu 2018 idagonja ndi Yenisey pa masewero olimbirana malo mu ligi, ndipo imayenera kutuluka. Idapulumuka chifukwa chakuti timu ina, Amkar Perm, idasowa ndalama n'kutsekedwa. Chaka chimenecho chidali cha maliro a matimu ku Russia. Tosno idatenga chikho cha dziko mu Meyi, patangotha milungu yochepa n'kutha. Kuban Krasnodar, komwe Anzhi idagula Traoré, nayo idatsekedwa. M'mbuyomo, mu 2010, FC Moscow idafa kampani ya migodi ya Norilsk Nickel itasiya kuithandiza.

Matenda ake ndi amodzi. Matimu ambiri a ku Russia sadalira ndalama za pakhomo la bwalo kapena za makanema, zomwe n'zochepa poyerekeza ndi malipiro a osewera. Amadalira boma la chigawo, kampani imodzi kapena munthu mmodzi. Bwanamkubwa akasintha, kampani ikagwa mphwayi kapena mwini chuma akatopa, timu imatsala padzuwa.

Mu 2019 Anzhi idatulukadi mu ligi yaikulu, ndipo chifukwa cha ngongole idakanizidwa chiphaso chosewerera mu ligi yachiwiri. Idagwera mu yachitatu, momwe idayambira mu 1992, ikuseweretsa anyamata achichepere a ku Dagestan. Apa ndiye idakhaladi timu ya ana a kwawo, koma itasenza ngongole zomwe anawo sadadye nawo. Mu Juni 2022 bungwe loyendetsa mpira ku Russia lidailanda chiphaso, ndipo mbiri ya zaka 31 idathera pomwepo.

Kunena chilungamo, Kerimov sadasiye phulusa lokhalokha. Adakonzetsa bwalo lalikulu mumzinda wa Kaspiysk, kufupi ndi Makhachkala, lomwe lidatsegulidwa mu 2013 ndi dzina loti Anzhi Arena, ndipo adakhazikitsa sukulu ya mpira ya ana. Bwalolo lilipo mpaka lero. Timu yakale ya mumzindamo, Dynamo Makhachkala, idadzuka pang'onopang'ono, Gadzhiev yemwe uja ali pulezidenti wake, ndipo mu 2024 idalowa mu ligi yaikulu n'kumasewera pabwalo lomwelo. Eto'o adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwe la mpira ku Cameroon mu 2021. Zomwe zidamangidwa pansi ku Dagestan zidatsala. Zomwe zinkabwera pa ndege zidapita pa ndege.

Pamsonkhano wa makolo

Lamulungu masana tidakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa bwalo lathu lafumbi. Ndidatenga jezi ija m'jumbo. Nthawi yanga yolankhula itafika, ndidaitambasula n'kufotokoza nkhaniyi mwachidule. Ena adaseka dzina la timuyo, ena adangoti zii.

Mayi wina, yemwe mwana wake ndi goloboyi wathu, adaimirira. "Abambo, nkhani yanu tamva, koma ku Russia n'kutali. Mwana wanga akudumpha pamiyala opanda magolovesi. Munthu wabwera kudzatithandiza, ife tizimuuza za feteleza wa azungu?"

Sindidawatsutse, chifukwa ankanena zoona. Umphawi si chinthu chonyadira, ndipo timu yosauka ya Gadzhiev ija nayo idatuluka mu ligi osewera ake atagulidwa. Ndidangowakumbutsa kuti ngakhale kwathu kuno taona matimu akusintha mayina malinga ndi yemwe wagwira thumba. Bullets yokha idakhalapo Bata, Total, Bakili ndi Nyasa, ndipo Wanderers idakhalapo Limbe Leaf, MTL ndi Be Forward. Matimu awiriwa akadalipo chifukwa wothandiza akachoka, ochemerera amatsala. Nanga katimu kathu, tikasamutsa bwalo, kusintha dzina, kuchotsa ana athu ndi kuleka kusonkha, tsiku lomwe bamboyo adzatope kadzatsala ndi ndani?

Tidakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza tidagwirizana kuti thandizo tilandira ndi manja awiri, ndipo dzina la bizinesi yake lilembedwe pachifuwa pa majezi. Koma dzina la timu likhala lomwelo, anyamata azikonzekera pabwalo lomweli, ochokera kwina asapose atatu, ndipo chopereka cha pamwezi chipitirire ngakhale chichepe bwanji. Tidamupemphanso kuti ngati n'kotheka, ndalama za minibasi zija zipite ku magolo achitsulo ndi kusalaza bwalo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Bamboyo adatimvetsera mwaulemu, n'kunena kuti akaganiza. Patatha milungu iwiri adatumiza majezi ndi mipira inayi. Za minibasi ndi magolo sitidamvenso. Mpaka lero pali makolo ena omwe akandiona amangogwedeza mutu, ati ndidawaphonyetsa mwayi, ndipo tsiku lomwe anyamata ayenda wapansi mtunda wautali kukasewera, nanenso ndimadzifunsa ngati ndidalankhula bwino.

Magolovesi a goloboyi tidagula ndi chopereka cha miyezi iwiri. Jezi yachikasu ija mwana wanga adakana kubweza. Amaivala pokonzekera, ndipo anzake adamupatsa dzina loti Makhachkala. Onse tsopano amatha kulitchula.